Kinect yanga ndaipeza mu displeyi ya amama, fumbi lokhalokha

Loweruka lapitali amama anandiimbira foni m'mamawa, ati iwe ubwere kuno ku Chilenje udzachotse zinyalala zako mu displeyi, mlongo wako wandigulira mbale zatsopano ndilibe poika. Ine ndimayesa ndi mapepala a ku koleji chabe. Kufika, kutsegula kachitseko ka pansi kaja, kuseri kwa matambula aja amene chibadwire sindinaonepo munthu akumwera, ndangoona chinthu chakuda chachitali ngati sopo wochapira uja wosadula, maso atatu kutsogolo, chingwe chake chomangidwa ndi lastiki ya m'tsitsi. Pamwamba pake kadoili koyera kamene kanasanduka kofiirira. Mwana wa mlongo wanga, wazaka 11, ali pambali panga akuti amalume, iyi ndi sipika? Ndinaseka mpaka kukhala pansi, kaili chinthu chimenecho chinandidyera pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi ndipo mukanandifunsa nthawi imeneyo ndikanakulumbirirani kuti magemu onse akutsogolo adzaseweredwa ndi chimenechi.

Dzina lake Kinect. Kwa amene simunaionepo, ndi kamera ya Microsoft yolumikiza ku Xbox 360, makina osewerera magemu pa TV, inatuluka Novembala 2010, ndipo uthenga wake unali umodzi, padi, chija cha mabatani chosewerera gemu, itayeni, m'manja musagwire kanthu, thupi lanu lomwelo ndiye padi. Ukaponya mwendo kamunthu ka pa TV nako kaponya mwendo, ukadumpha nako kadumpha. Ine ndinayamba kuimva isanakhale ndi dzinali, ikutchedwa Project Natal, anaionetsa ku E3 ya 2009, chionetsero chachikulu cha magemu ku America. Ndinaonera vidiyo yake mu intaneti kafe m'tauni, ikuima ima, ine ndikuwerenga maminitsi anga akutha. Munali kamnyamata ka pa kompyuta dzina lake Milo, ka wopanga magemu wina, a Peter Molyneux, mzimayi akukamba nako nako kakuyankha, kakumuzindikira nkhope, iye ajambula chithunzi pa pepala nkuonetsa ku kamera kamnyamata nkulandira pepalalo mkati mwa TV. Ndinatuluka mu kafe muja mutu ukuzungulira. Gemu ya Milo ija mpaka lero sinatuluke, koma zimenezo tinazidziwa mochedwa.

Ndipo osanama, nzeru yake inali yoopsa. Diso limodzi limamwaza timadontho ta kuwala kwa infrared tambirimbiri m'chipinda chonse, timene ife ndi maso athu sitingaone, diso lachiwiri limayang'ana m'mene timadonthoto tagwera, kuti itu tagwera pa munthu ali pafupi, itu tagwera pa khoma kutali, ndiye imadziwa kutalika kwa chilichonse. Lachitatu ndi kamera wamba. Kuchokera pamenepo makina amakujambula mafupa, malo 20 a thupi, mutu, mapewa, zigongono, chiuno, mawondo, mpaka kumapazi. Nzeru ya timadontho ija inachokera ku kampani ya ku Israel yotchedwa PrimeSense. Anthu anaigula ngati zitumbuwa zotentha pa siteshoni, 8 miliyoni m'masiku 60 oyamba, mpaka inalowa m'buku la marekodi la Guinness. Ndiye musandiseke ine ndekha, tinali ambiri.

Yanga ndinagula 2013, chaka chimene kwacha anaichotsa ma ziro atatu, tonse tikusokonezeka powerenga chenji. Ndinali nditangoyamba ntchito, ndikukhalabe kwa amama. Xbox ndinali nayo kale, yoyera yonenepa ija, yogula kwa munthu, ndipo Kinect nayo ndinagula kwa mnyamata wina wa m'tauni cha ku Katondo Street, ili m'pulasitiki, bokosi palibe. Kufika kunyumba ndi chimwemwe chonse, chingwe chake chikukana kulowa. Kutembenuza, kukana. Kani Xbox yakale ija ilibe polowetsa chingwe cha Kinect, imafuna adaputa yake yapadera yotenga malaiti ku khoma, yopyapyala yakuda ija ndiyo inali ndi pake pake. Ine sindinafunse, sindinawerenge. Mawa lake basi kubwereranso m'tauni, ndalama ina.

Manje apa ndiye pali nkhani. Itayaka, inayamba yaweramutsa mutu yokha, muli kamota m'khosi mwake, kuyang'ana m'mwamba, kuyang'ana pansi, pang'onopang'ono ngati nkhuku yakumwa madzi. Amama anali pa sofa akusankha nyemba, anangoima nazo. Ati chimenecho chikundiyang'ana ine? Ndinati iyayi amama ikuyesa chipinda chabe. Ati chipinda changa chachilakwira chani. Kuyambira tsiku lomwelo usiku uliwonse asanagone amachiphimba kumaso ndi kadoili.

Kenaka TV inandiuza kuti bwerera m'mbuyo. Ndinabwerera, mawondo kugunda tebulo. Bwereranso. Kinect imafuna munthu aime mamita pafupifupi 1.8 kuchokera pamene ili, mukakhala awiri ndiye pafupifupi 2.5, ndipo pakatipo pasakhale kanthu. Amene mumadziwa nyumba zakale za ku Chilenje mwayamba kale kuseka. Sitingi rumu ya amama muli sofa ya anthu atatu, ya awiri, ya m'modzi, tebulo la galasi pakati, displeyi, firiji pakona chifukwa ku khitchini siikwana, ndi mashini yosokera imene inasiya kugwira ntchito kalekale koma siichoka. Malo oyendamo ndi kanjira ngati ka mbewa. Anthu amene anapanga chinthuchi m'mutu mwawo munali sitingi rumu ya pa filimu ya ku America, ija yoti mwana angakwere njinga mkati. Si ife tokha, ndinawerengapo anthu a m'maflati ang'onoang'ono a ku Tokyo ndi London akudandaula chimodzimodzi.

Ndiye Loweruka lina amama atapita ku msonkhano wa azimayi ku tchalitchi, ine ndi mng'ono wanga tinanyamula tebulo kuika pa khonde, sofa ya awiri kuika panja pansi pa mtengo wa mango, ya m'modzi nayo panja. Sipanapite ndi theka la ola ndikumva odi pa geti, mawu otsika. Kutuluka, ndi amayi a nyumba yachitatu, amanga chitenge ndi duku, nkhope yagwa, manja kumbuyo. Ati mwananga pepani, kwagwanji kuno, amama ali kuti? Mukudziwa kuno mipando ikatuluka panja ndiye kuti pakhomo pali maliro. Ine thukuta kamukamu, kabudula, ndikupuma ngati galu, ndiyambire pati kufotokoza kuti ndimathamanga mamita 100 pa TV. Amama atamva nkhaniyi madzulo sanaseke ngakhale pang'ono. Ati ukundilosera imfa chifukwa cha zidole. Anaseka patapita sabata, ndipo mpaka lero akakumana ndi amayi aja nkhani ndi yomweyo.

Koma ndisaipondereze kwambiri, tsiku lake inali nalo. Khrisimasi ya chaka chomwecho kunabwera abale ochokera ku Katete, azakhali, amalume, ana osawerengeka, ndipo chifukwa anthu anali ambiri mipando inatuluka panja mwachilolezo, nyimbo zikulira kuti aneba asasokonezekenso. Ndinaika Kinect Sports. Ana anayamba ndi mpira, aliyense akamenya akufuula Sunzu, kaili chikho cha Africa chimene Zambia inawina 2012 ku Libreville ndi penati yake chinali chikadali m'magazi. Kenaka ndinaika bowling. Amama, munthu amene remoti ya TV amangodziwa batani lofiira ndi la voliyumu, padi sanaigwirepo chibadwire ati mabatani ambiri ngati akodiyoni, anaimirira okha. Sindinawaphunzitse kanthu, ndinangoti tambasulani dzanja mutenge mpira, ponyani. Anaponya, zonse 10 pansi. Nthungululu inamveka mpaka ku msewu. Azakhali anati ndipatseni malo. Azimayi awiri a zaka zoposa 50 anapikisana mpaka nshima ya madzulo inachedwa, amalume akudandaula panja. Pa Dance Central ndiye kunali kulira ndi kuseka, chitenge chikafika kumapazi kamera siiona miyendo bwino, ndiye kamunthu kosonyeza thupi lako kamangopindika miyendo ngati kathyoka, azakhali anakwinya chitenge mpaka m'mawondo ati chione bwino chimenecho. Kinect Adventures nayo inali ndi khalidwe lojambula zithunzi uli m'malere pakamwa yasa, nkukuonetsa pomaliza.

Tsiku limenelo ndinakhulupirira zonse zimene analonjeza. Ndinati padi yatha basi.

Januwale anafika. Ukuweruka 17 awazi, ukukankhana pa Kulima Tower, minibasi mwapanikizana anayi pa mpando kondakitala ali pa bondo lako, kufika kunyumba mdima wagwa, ndiye munthu akuuze kuti suntha tebulo, vula nsapato, ima pakati pa nyumba uyambe kudumpha? Ine ndimangofuna kudziponya pa sofa, miyendo pa tebulo, padi m'manja, FIFA. Zala zokha zigwire ntchito thupi lonse lipume. Ichi ndiye chimene ndikuona kuti onse opanga zinthuzi sanafune kuchivomera, amaganiza kuti padi ndi chotchinga pakati pa munthu ndi gemu, pamene kwa ambiri a ife padi ndiye mpumulo wake.

Komanso batani silinama. Ukalidina ladinika, chala chimamva, ndipo gemu siifunika kulingalira kuti kodi ameneyu amatanthauza chani. Kamera imalingalira. Wakweza dzanja, kodi akuponya mkondo kapena akukanda m'mutu? Ndipo polingalirapo pamapita kanthawi, kochepa koma umakamva, umaponya nkhonya iwe kamunthu kako nkuponya pambuyo pake. Pa bowling zilibe kanthu, pa gemu yofuna changu ndiye imfa. Kusankha chinthu pa menyu umaimika dzanja m'malere kudikira kamkombero kadzaze, ntchito imene pa padi ndi kungoti tyu. Gemu ya galimoto, Kinect Joy Ride, umagwira chiwongolero cha mphepo, manja ali m'mwamba opanda chotsamira, maminitsi 10 mapewa ayamba kuyaka. Dzuwa likalowa pa windo nalo limasokoneza chifukwa lili ndi infrared yake yambiri, ndiye masana kutseka makatani. Ndipo m'nyumba ya anthu ambiri ngati mwathu nthawi zonse pali wina akudutsa, uyu ndi mbale, uyu ndi tsache, kamwana kakukwawa, kamera nkusokonezeka kuti mwini gemu ndani. Kumayiko kwina atolankhani anakambaponso zoti siizindikira bwino nkhope za anthu akuda, ena atayesa anati vuto ndi kuwala kochepa m'chipinda chifukwa nkhope imaonedwa ndi kamera wamba ija, thupi ndiye limaonedwa ndi infrared. Kwathu ndi kababu kamodzi ka pa denga sindinavutike nkuyesa zimenezo.

Chimene ndinadzadabwa nacho pambuyo pake ndi chakuti loto limeneli ndi lakale, ndipo limangobwera nkugwa, kubwera nkugwa. 1989 kunali Power Glove, golovesi ya Mattel ya pa Nintendo yakale ija NES, kuoneka ngati dzanja la roboti, mabatani pa mkono, tumasensa toika mozungulira TV. Pa chithunzi yokongola zedi, kusewera nayo anthu amati kunali kulimbana. 1993 Sega inatulutsa Activator, chimkombero cha mbali 8 choyala pansi, iwe kuima pakati, ukamenya nkhonya kapena kiki pamwamba pa mbali ina ndiye ngati wadina batani lina. Ndiye kuti sikuti imaona karate yako iyayi, inali padi yomweyo koma yoti udine ndi mwendo uli wefuwefu. 2003 Sony inabweretsa EyeToy pa PlayStation 2, kakamera kokuonetsa iwe mwini pa TV ukupukuta mawindo ndi kumenya tianthu todumpha. Imeneyo inagulidwa ndithu, koma ndani anaiseweranso patatha mwezi.

Imene inafika patali ndi Wii ya Nintendo, 2006, inagulidwa kuposa 100 miliyoni. Ndipo onani, iyo padi sinaitaye, inangoisandutsa remoti yokhala ndi mabatani ake, yomva kugwedezeka. Mnzanga wina wa ku Woodlands anali nayo, ndi kumene ndinaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, kachitsulo koika pamwamba pa TV kamene amati sensor bar sikaona kanthu, ndi timagetsi ta infrared chabe, kamera ili mu remoti. Ndiye kakaonongeka ukhoza kuyatsa makandulo awiri kuika patsogolo pa TV remoti nkumagwira ntchito. Tinayesa, zinatheka, tinaseka kuti makandulo ndiye tili nawo ambiri mu Lusaka muno, vuto ndi lakuti nthawi imene timawayatsa Wii nayo imakhala yazima. Chachiwiri ndiye chofunika. Tsiku loyamba pa tenesi ya Wii Sports tonse tinaima, kuponya mkono wonse ngati tili ku Wimbledon, ndi anthu ngati ife amene kunja anaswa ma TV remoti itapulumuka m'manja mpaka Nintendo inasintha tizingwe ta pa mkono kuika tolimba. Koma pofika sabata yachitatu mng'ono wake wa mnzangayo anatulukira kuti ukhoza kugona pa sofa nkumangogwedeza kadzanja pang'ono, mpira umapita chimodzimodzi, ndipo amatiwina tonse ali chigonere akudya chiwaya. Remoti yoyamba ija imamva kuti yagwedezeka koma siimadziwa bwino kuti dzanja lapindika motani, ndi chifukwa chake 2009 anaonjezera kena kotchedwa MotionPlus. Koma chinsinsi chinali chitaululika, munthu ukamupatsa njira ya ulesi atenga yomweyo.

Sony nayo 2010 inabwera ndi PlayStation Move, ndodo yokhala ndi kampira kowala kumutu ngati aisikirimu. Kunena zoona imeneyo imalondola dzanja bwino, koma magemu oti munthu ugulire chinthucho anali ochepa. Inadzapeza ntchito 2016 pa PlayStation VR, chija chovala kumaso uone ngati uli mkati mwa gemu.

Apa pali kamsampha kamene kanagwira onse. Opanga magemu akuluakulu safuna kuthira ndalama zambiri pa gemu yofuna chipangizo chimene ali nacho ndi anthu ochepa, ndipo anthu safuna kugula chipangizo chopanda magemu abwino. Ndiye kumangotuluka timagemu ta maphwando, tovina, tolimbitsa thupi. Atayesa kupanga zazikulu zinavuta, Kinect Star Wars ya 2012 anthu amaikumbukira chifukwa cha mbali yovina osati lupanga, Steel Battalion: Heavy Armor ya chaka chomwecho inatchuka chifukwa chokanika kuseweredwa. Microsoft inaganiza zothetsa msamphawu mwa mphamvu, Xbox One ya 2013 inabwera ndi Kinect yatsopano m'bokosi momwemo, ufune usafune, mtengo madola 499, pamene PlayStation 4 inali 399. Ndipo chinali chaka chomwe Edward Snowden anaulula za ukazitape wa boma la America pa intaneti, ndiye uwauze anthu kuti ikani kamera ndi maikolofoni yomvetsera pa sitingi rumu. Amama ndi kadoili kawo anali patsogolo pa dziko lonse mwandi. Pofika Juni 2014 anayamba kugulitsa Xbox One yopanda Kinect pa 399, Xbox One S ya 2016 inabwera ilibe ndi polowetsa pake pomwe, kufunanso adaputa ngati ine uja, ndipo Okutobala 2017 anasiya kuipanga. Zonse pamodzi zinagulidwa pafupifupi 35 miliyoni. Ndimadzifunsa kuti zingati mwa zimenezo zili m'madispleyi.

Ine chiweruzo changa ndimatengera ku ma gemu shopu a mu komboni. Pitani ku Chawama, Mtendere, Kanyama, kachipinda kamodzi ma TV anayi, mabenchi, anyamata akulipira pa gemu, ena aima kumbuyo kudikira woluza achoke. Eni ake amadziwa masamu kuposa ife tonse. Ndaonamo PlayStation 2 yomangidwa ndi selotepi, ndaonamo mapadi oti analogi inatha mphira kutsala kachitsulo, koma Kinect sindinaionemo ngakhale kamodzi. Ingadye malo a ma TV onse anayi kuti asewere anthu awiri, oonerera uwathamangitse asadutse kutsogolo, malaiti akabwera maola ochepa amenewo iwe ukutaya nthawi ndi kuyesa chipinda. Chinthu chimenechi chili ngati chimpoto chachikulu chija cha pa ukwati, tsiku lake chimagwira ntchito yoti palibe china chingagwire, koma palibe amaphikira nshima ya Lachiwiri madzulo.

Nzeru yake yokha siinafe, inangosamuka. Apple inagula PrimeSense 2013, ndipo timadontho tija ndi mtundu womwewo wa nzeru umene uli mu Face ID kuyambira pa iPhone X ya 2017, ukayang'ana foni nkutseguka. Anthu a m'mayunivesite anaimangirira Kinect pa maroboti kuti aziona njira chifukwa inali yotchipa kuposa makamera ena otere. Just Dance ikadalipo, ukhoza kuvina foni ili m'manja. Switch ya Nintendo ili ndi zomva kugwedezeka m'timapadi take, Ring Fit Adventure ya 2019 inagulidwa kwambiri nthawi ya korona anthu atatsekeredwa m'nyumba. Koma pa magemu amenewa pali chogwira m'manja.

Ndinamufotokozera mwana wa mlongo wanga zonsezi mwachidule, iye maso ali pa foni ya amake, anangoti ndiye tiyatse amalume. Ndinati Xbox yake ndinagulitsa kale. Ndinaipukuta ndi malaya, kuiika m'chikwama kuti ndikaone kotaya. Amama anatulukira ku khitchini akupukuta manja, kuyang'ana m'chikwama, kutengamo kadoili kawo kaye. Kenaka ati, kodi ka mpira kogwetsa mabotolo kaja kangayakenso? Ndinati kangayake nditapeza Xbox ina. Ati azakhali ako akubwera Disembala, mpaka lero amauza anthu ku Katete kuti anandiwina, bodza lenileni, ine ndinagwetsa zonse katatu kotsatizana iwe unalipo.

Ndiye kuyambira Lamlungu ndili pa Facebook kufunafuna Xbox 360 yopyapyala ija, wina wa ku Kabwata akuti ali nayo koma padi imodzi ndi yakufa, ndamuuza kuti padi sindikuifuna. Chimene sindinawauze amama ndi chakuti masofa amene anagula chaka chatha ndi aakulu kuposa akale aja, ndinayesa ndi maso potuluka, ya anthu atatu ija pa chitseko siidutsa osachotsa miyendo.